Maso a Odell ndi Galu wa Alamu Awo

Kuno ku Laurel Fork, kumapiri a Kentucky, munthu amadziwika ndi chinthu chimodzi, ndipo chikamuchoka chimenecho amangotsala dzina la pa bokosi la makalata. Wina amadziwika ndi fodya wa m'munda mwake, wina ndi mawu oyimbira kutchalitchi, wina ndi ndewu za Loweruka. A Odell Sizemore ankadziwika ndi maso. Munda woti n'kuloza analibe, udikoni unawadumpha, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Nola, anakwatiwa kutali ku Ohio, kubwera kwake pa Khirisimasi pokha. Koma agalu osaka akakweza mumtengo usiku kanyama ka m'tchire kotchedwa rakuni, amuna n'kuunika mpaka makosi kuuma osaona kanthu, mawu ankakhala amodzimodzi: kaitaneni a Odell.

Maso amenewo anawatenga kumgodi wa malasha. Analowamo ndevu zisanamere, n'kudzatulukamo mutu utachita mbuu, chifuwa chikulira ngati chitseko chosowa mafuta. Mgodi unawalanda mpweya ndi zala ziwiri za kumanzere, koma unawaphunzitsa kuti mdima sauthamangira. Anzawo akafika patsinde ankangogwedeza nyali uku ndi uku, mtengo wonse ngwee. Rakunitu si chitsiru. Kanyama kameneka kanabadwa katavala kale chakuda kumaso ngati mbala, ndipo umbala wake ndi weniweni: kamaba chimanga chachiwisi, kamaba nkhuku, kakatha n'kukasamba m'manja kumtsinje ngati sikanalakwe. Kakaona kuwala kwambiri kamabisa nkhope n'kudzipinda pamphanda, phee. A Odell ankachoka patsinde n'kubwerera chambuyo kukwera chitunda, kuchepetsa nyali ya pachipewa mpaka ingotsala kofiira, kenako n'kuliza kukhosi kulira kwa arakuni awiri akamamenyana. Kanyamako n'kokonda kuonerera ndewu za eni, sikangapirire, kamasuzumira. Diso likangoti phethi, zatha. Ngakhale kasasuzumire, iwo ankaona nsonga ya khutu kapena mphete imodzi ya kumchira pakati pa masamba.

Ndiye mawu awo anasanduka chigamulo. Mwambo wake kuno ndi wakuti galu wouwa pamtengo wopanda kanthu ndi wabodza, ndipo mwini wake amamukwapula pomwepo patsinde, anzake akuona, kuti asadzayambirenso. Koma mkwapulo sunkathyoledwa a Odell asanalankhule. Iwo akati alimo, mfuti inkalira. Akati mulibe, galu ankalira. Anthu ankabwera kudzagogoda pakhonde pawo tulo tili pakati, iwo n'kudzuka akung'ung'udza kuti anthu inu simugona bwanji, kwinaku nsapato atavala kale. Kung'ung'udzako kunali kwa bodza. Palibe chimene chinkawakomera pa dziko lapansi ngati kugogoda kumeneko.

Koma Mulungu amene anawapatsa maso anawamana galu, ndipo zimenezi n'zimene zinkawadya. Agalu anaweta, ee, anaweta ambiri, koma onse ngati anachita kuwatemberera. Panali Major, wa mawu okoma ngati belu, amene anayendetsa gulu lonse m'minga usiku wathunthu n'kukaliimika pansi pa mtengo wa maapozi wa kwa abusa, pamwamba pali mphaka wa amayi abusa. Nkhani imeneyo mpaka lero imanenedwabe anthu akafuna kuchotsa tulo pamaliro. Kenako panabwera Queenie, wabwinoko ndithu, koma lole ya malasha inamuponda asanaonetse chimene anali. Mwamwayi anasiya ana ongoleka kuyamwa.

Apa ndiye pamene pali bala. A Odell anagwada m'chigafa cha fodya n'kuyang'ana anawo mmodzimmodzi, iwo munthu wa maso. Anasankha chachikulu pa onse, chamawangamawanga, cha mapazi ngati mbale, n'kuchitcha Ranger. Ena anagawira anzawo odziwa agalu. Kanatsala kamodzi konyozeka, kakakazi, kowonda, khutu lina lopindika, kongomva chitseko chikumenyeka n'kukodza pansi. Anauza akazi awo, a Vergie, kuti akachotse pakhomo iwo asanakaike m'thumba kupita nako kumtsinje. A Vergie anakanyamula m'dengu n'kukapatsa mlongo wawo wamng'ono, a Lonzo Caudill, amene anali atangoferedwa mkazi, kuti m'nyumba muzimveka kanthu kopuma.

A Lonzo anali ometa tsitsi. Munthu wamimba, wofatsa, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, amene kutchire ankapitako pofuna nkhuni basi. Kagaluko anakatcha Hattie. Ankakadyetsa chigumu choviika m'mafuta a nkhumba, kuchokera pambale yawo yomwe, ankakagoneka pafupi ndi mbaula, ndipo madzulo ankakafotokozera zonse zimene amva kubabashopu. Odziwa agalu ankangopukusa mitu, amati galu wosaka saleredwa ngati khanda. Ndiye atakula, usiku wina Hattie anatuluka yekha n'kukauwa kuseri kwa nyumba, osasiya. A Lonzo anaunika, osaona kanthu, n'kuthamangira kukadzutsa alamu awo. A Odell anapita monyinyirika, akuyembekeza mphaka wina. Anapeza chirakuni chachikulu chili ndee pa nthambi. Anachiona ndi maso awo, anachilengeza ndi pakamwa pawo, n'kubwerera kunyumba.

Kuyambira pamenepo Hattie sanabwerere m'mbuyo. Akagwira fungo ankauwa mokoka, kuchokera pansi pa chifuwa, mawu oti ngakhale uli kuseri kwa phiri tsitsi limakuima. Akakweza ankasintha, n'kumadula mawu, hau hau hau, miyendo yakutsogolo ili pamtengo, osasuntha ngakhale kugwe matalala. Sanathamangitsepo gwape. Sanauwepo mphaka. Sananamepo. Pamene mlongo wake Ranger, galu wodya za anthu atatu, akangonunkhiza gwape ankaiwala dzina lake ndi la mbuyake, n'kukapezeka mawa masana ali lilime lende kumudzi wa eni. Kawiri konse anabwera atamupopera kanyimbi, a Vergie n'kugoneka galu ndi mwini wake yemwe m'chigafa.

Nsanje inawalowa a Odell mpaka m'mafupa. Chowawa kwambiri chinali chakuti a Lonzo sankadzitama n'komwe. Akanakhala odzitama bwenzi munthu atapeza powagwirira. Koma ayi, aliyense woyamikira galuyo ankamuuza kuti ndi magazi a kwa alamu amenewa, alamu anachita kundipatsa. Mawu amenewo ankanenedwa ndi mtima woyera, koma a Odell ankawamva ngati akulengezedwa pamsika kuti munthu wa maso uja anataya galu wabwino n'kusunga chitsiru. Chowatonthoza chinali chimodzi. A Lonzo sankaona kanthu mumtengo. Hattie akweze chotani, popanda a Odell kuloza, kukwezako kunali phokoso chabe. Mumtima ankadziuza kuti theka la mbiri ya galuyo ndi lawo.

Loweruka lina anawalanda thekalo. Anali pampando wometera, thovu la sopo lili mbee kumaso, lumo la alamu awo lili pakhosi, pamene a Denzil Combs, oyendetsa basi ya sukulu, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anayamba zawo.

"Akulu, masiku ano mukhoza kumagona ndithu, chifuwacho chizipumako. Hattie akati alimo, alimo. Kuunikaku timangochita mwamwambo."

Babashopu yonse inaseka. Lumo linali pakholingo penipeni pa a Odell. A Lonzo anayesa kukonza, amvekere ayi Denzil, galu amene uja ndi wa kwa alamu, anachita kundipatsa. Ndiye anthu anaseka kuposa poyamba.

Madzulo ake nyemba ndi chigumu zinazizirira patebulo. A Vergie anawayang'ana amuna awo kwa kanthawi, n'kufunsa ngati ndi za galu zomwe zija. Iwo anati palibe za galu, kungoti pakhomo pano anthu amagawa zinthu za eni osafunsa. A Vergie anawakumbutsa za thumba ndi mtsinje, mawu ndi mawu, poti amayi amenewa saiwala kanthu.

"Bambo a Nola, munthu wamkulu ngati inu, nsanje ndi galu? Akanakhala mwamuna mnzanu wondifuna ine bwenzi ndikunyadako pang'ono."

A Odell anatenga chipewa n'kukakhala pakhonde, akutafuna fodya mumdima mpaka kuzizira kunawalowetsa.

Usiku umene unawagwetsa unali wa mu Novembala, chisanu chitayamba koma mitengo ya thundu isanagwetse masamba onse. Anali anayi: a Odell, a Lonzo, a Denzil, ndi a Burl Napier, mkulu wa gululo, amene ankanyamula kamfuti ndi kusunga mwambo. Atangomasula agalu, Ranger anapereka mawu kaye, a Odell mtima n'kudumpha. Koma mawuwo anawongoka kulowera kumtunda ndi liwiro limene rakuni alibe. Aliyense anadziwa kuti ndi gwape. A Denzil anangotsokomola kachifuwa kabodza, ndipo kutsokomolako kunawawa kuposa kutukwana. Posakhalitsa Hattie anayamba kukoka mawu ake kumunsi kwa khwawa, anawoloka madzi, anabwerera, anazungulira, kenako n'kudula. Wakweza.

Anamupeza ataimirira pa thundu wamkulu wa m'mbali mwa phiri, mtengo wa masamba ouma ambirimbiri, woyangidwa ndi mpesa wa m'tchire mpaka kunsonga. Anamumangirira pambali monga mwa mwambo, n'kuyamba kuunika. A Odell anachita monga mwa masiku onse. Anabwerera chambuyo kukwera chitunda mpaka anapeza mwala wafulati poti n'kuimapo bwino, anachepetsa nyali, naliza kukhosi. Sizinatenge nthawi. Pamphanda yachitatu, kuseri kwa chisa cha mpesa, diso limodzi linati phethi, lofiira ngati khala. Anaona ndi khutu lomwe. Chinali chirakuni chonenepa, chitagona chafufumimba.

Anatsegula pakamwa kuti anene. Nthawi yomweyo anamva a Denzil kumunsi akuuza a Burl kuti asavutike ndi kuunika, angokonza mfuti, Hattie wanena kale, a Odell angobwera kudzavomereza.

Pakamwa paja panatsekeka pokha. Anaima pamwalapo akuyang'anizana ndi diso lija, akutafuna fodya, analavula, anatafunanso, analavulanso. Sanakonze zimenezi kunyumba, tisawanamizire. Koma atangoiganiza nzeruyo inawakomera ngati uchi. Lero tione kuti amene amagamula kuno ndani, galu kapena munthu. Anasuntha nyali pang'onopang'ono kuichotsa pamphandapo, anatsika pamwala, anazungulira mtengo wonse mwaulemu wake, akuimaima, akuliza kukhosi kumbali kumene ankadziwa kuti kulibe kanthu. Atabwerera patsinde anazimitsa nyali.

"Mulibe," anatero. "Anangokanda pamtengo n'kudumphira kwina. Zimachitika, galu ndi galu."

Ndi Hattie yekha amene anapitiriza kuuwa, akukoka chingwe. A Denzil anali kukamwa yasa. Kwa a Odell mumtima munazizira bwino, kuzizira kumene anali asanakumve kuyambira usiku wa kuseri kwa nyumba uja. Kenako anamva nthambi ikuthyoka. A Burl anali atadula mkwapulo, anausadza masamba mosafulumira, n'kuupereka kwa a Lonzo. Za mkwapulozi a Odell anali asanaziganize bwino. Ankafuna galuyo atsike mbiri, basi. Koma mawu anali atatuluka, ndipo sanawabweze.

A Lonzo anaulandira mkwapulowo ngati awapatsa njoka. Hattie anasiya kuuwa n'kuyang'ana mbuyake, mchira ukugwedezeka, akuyembekeza kusisitidwa monga mwa masiku onse. Galu ameneyu chibadwire anali asanamenyedwepo ngakhale ndi nsanza.

"A Burl, ndiloleni ndiyang'aneko ndekha," anatero a Lonzo. "Ndikalephera ndimukwapula, sindikana mwambo. Koma sanandinamizepo."

A Denzil anapezanso pakamwa pawo. Anati zafika poipa ngati tayamba kudalira maso a munthu amene saona khutu la kasitomala lili pamphuno pake, n'kuloza chipsera cha pakhutu pawo. A Burl anati asiyeni ayang'ane, palibe chikutithamangitsa. A Odell sanade nkhawa. Munthu uyu anali asanaonepo rakuni mumtengo popanda kumugwira mutu n'kumulozetsa.

A Lonzo anazungulira patsinde akupunthwa pamizu. Anaunika m'mwamba, magalasi n'kuchita nthunzi, anawapukuta ndi malaya, anaunikanso. Kenako anayamba kukwera chitunda chija, akuterereka, akugwira zitsamba, akupuma ngati ng'ombe. Munthu wosaona bwino amayenda akuunika pansi poponda. Pachitunda ponsepo malo oti munthu wamimba n'kuimapo anali amodzi okha, mwala wafulati uja. A Odell anaona nyali ya alamu awo ikufika pamwalapo, n'kuima. Inaima nthawi yaitali, italoza pansi. M'gulu lonselo wotafuna fodya anali mmodzi, ndipo malovu ake anali pamenepo, akuda, osauma, osati amodzi ayi, a munthu amene anaima pamalopo n'kukhalitsa.

Nyaliyo inakwera pang'onopang'ono. Rakuni uja, mwina atatopa kubisala, mwina atadabwa kuti phokoso latha bwanji, anali atadzutsa mutu. Maso onse awiri anali psuu pamphanda, oti ngakhale wometa tsitsi sakanawaphonya.

"Bwerani kuno, a Burl," anatero a Lonzo motsitsa mawu.

Anakwera onse. A Burl anaima pamwalapo, anayang'ana m'mwamba, n'kunena kuti ameneyu ngakhale mwana akanamuona. Kenako anayang'ana pansi pamene anaponda. A Denzil nawo anayang'ana pansi. Nyali zitatu zinatembenukira kwa a Odell.

Kuno munthu akhoza kuba nkhuku anthu n'kudzamukhululukira pakapita chaka. Akhoza kuledzera mpaka kugona m'ngalande, Lamulungu n'kumupatsabe malo pabenchi. Koma wonamizira galu, galu woti sangadziyankhire, wofuna kuti akwapulidwe asanalakwe, ameneyo sayendanso ndi anthu kutchire, ndipo kutchalitchi benchi yake imakhala yotakasuka mbali zonse. Ndi akazi ake omwe amalawako. A Odell ankadziwa zonsezi. Anaona a Denzil akukoka mpweya kuti alankhule, ndipo mawu a a Denzil akatuluka usiku, m'mawa amakhala atafika nawo ana onse a sukulu m'makomo.

A Lonzo anawadula asanayambe.

"Ndakhala ndikuopa kunena, alamu. Inetu ndimakuonani pafupi ndikamakumetani. Maso anuwa ayamba kuyera m'mbali. Ndi fumbi la kumgodi limenelo, ndi ukulu womwe. Mwaima pano mwayesetsa, tonse tikuona, koma akukanika."

M'maso mwa a Odell munalibe choyera chilichonse, ndipo onse awiri ankadziwa. Alamu awo anali atawatsegulira khomo, koma khomo lake lolowa chokwawa. Anayenera kusankha pomwepo, nyali zili pankhope: wabodza kapena wakhungu. Anaganiza za a Vergie atakhala okha pabenchi. Anameza malovu a fodya, chinthu chimene wotafuna sachita.

"N'zoona," anatero. "Ayamba kuchita chifunga. Ndimangobisa."

A Burl anapukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti tonse tikupita komweko. A Denzil, koyamba pa moyo wawo, anapepesa, amati akanadziwa sakanamawaseka. Mfuti inalira, rakuni anagwa, Hattie anapatsidwa kuti amugwedeze, ndipo a Lonzo anathyola mkwapulo uja pabondo n'kuutaya kutchire. Nyamayo a Lonzo anaumirira kuti apite nayo alamu, achemwali akaphike ndi mbatata. A Odell anainyamula njira yonse, ikuwamenya m'mwendo. Ranger anabwera mawa lake masana, ali ndi njala.

Mbiri inayenda mwachangu, ndipo inayenda ndi chisoni, chimene n'choipa kuposa chipongwe. Amayi a kutchalitchi anayamba kuwagwira pamkono potsika masitepe. Abusa anawatchula dzina m'pemphero la odwala. Nola analiza lamya kuchokera ku Ohio akulira, amati adadi apite akaonedwe ndi dokotala wa maso. Tsiku lina a Vergie akusoka, singano inawagwera pansi, a Odell n'kuitola pakati pa matabwa asanaganize, kuchokera kutsidya la chipinda. A Vergie anailandira, anawayang'ana nthawi yaitali, n'kungoti zikomo, kwa munthu wakhungu mwayesetsa. Sanabwerezenso nkhaniyo, ndipo iwonso sanaiyambe.

Pakhonde panasiya kugogodwa. Usiku ankamva agalu a anthu akudula mawu kuphiri, akuuwa nthawi yaitali, chizindikiro chakuti amuna akuunika osaona kanthu. Ankagona chagada, makutu ali kuchitseko, nsapato zili pafupi ndi bedi. Palibe ankabwera. Nanga wakhungu ungamudzutsirenji?

Amene sanawataye ndi a Lonzo. Ankabwera ndi galimoto lawo madzulo, Hattie ali pampando wakutsogolo ngati dona, n'kunena kuti alamu tiyeni, kukhala m'nyumba kumakalambitsa. Anawabweretsera ngakhale magalasi awo akale, a Odell n'kumawavala pamphuno pofika pagulu, akuyang'anira pamwamba pake. Kutchireko anawapatsa ntchito imene amapatsidwa okalamba ndi alendo, yogwira zingwe za agalu pambali pamene amuna akuunika.

Ulendo woyamba pa ntchito imeneyi, Hattie anakweza mumtengo wa paini wothithikana. A Odell anakhala pachitsa chapatali, zingwe zili m'manja, nyali yozimitsa. Sanafune kuyang'ana. Koma maso amene azolowera ntchito yawo safunsa mwini wake. Kuwala kwa nyali za anzawo kutangodutsa kamodzi, anali ataona kale mphete ziwiri za mchira zikulendewera kumanzere, pafupi ndi nsonga. Amuna atatu aja ankaunika kumanja. Anaunika, anaunika, a Denzil akudandaula khosi, a Burl atayamba kuyang'ana zitsamba zothyolapo mkwapulo. Mawu anafika pakhosi pa a Odell n'kuima pomwepo. Akanangoti uyo apo, aliyense akanadziwa kuti chifunga chija chinali chiyani.

Ndipo anazindikira kuti nyali imodzi siikuunika mumtengo. A Lonzo anali ataima chammbali, nyali italoza pansi, nkhope itatembenukira kuchitsa. Sankayang'ana paini ayi. Ankayang'ana alamu awo, kuona kumene chibwano chaloza. Kenako anatembenuka mosafulumira, anakweza nyali kumanzere pafupi ndi nsonga, anaisuntha pang'ono, n'kuima.

"Uyo apo. Mchirawo."

A Denzil anakuwa kuti a Lonzo mwadya chiyani masiku ano, galu ndi wanu, maso ndi anunso, ife tidzingonyamula khofi basi. A Burl anavomereza kuti munthu akaferedwa Mulungu amamubwezera kwina. A Lonzo anangoseka mwamanyazi, n'kunena kuti zonsezi anaphunzira kwa alamu.

Zakhala choncho nyengo zingapo tsopano. Usiku anthu amakagogoda kwa a Lonzo, iwo n'kunena kuti tidzere kwa alamu, asatsale okha, ndipo anthu amayamikira kuti munthu uyu ali ndi mtima wabwino. A Odell anayesapo kukana, koma kunyumba akamamva agalu kuphiri amachita ngati apenga. Anayesapo kuyang'ana pansi, kuwerama pachitsa ngati akupemphera, koma Hattie akangodula mawu khosi limadzuka lokha. Amakhala pamenepo ndi magalasi a eni pamphuno, zingwe zikuwacheka pa zala zotsala zija, akumva dzina la alamu awo likutamandidwa patsinde. Mfuti isanalire, Hattie amabwera kudzakhala pamapazi awo n'kuwanyambita dzanja, poti iye sadziwa kanthu. Iwo amalichotsa dzanjalo n'kuliika m'thumba.